JASIMINI WENIWENI NDI WONAMA: TSAMBA NDILO LIMAULULA

ULONGWE – Dzina limodzi la Chipwitikizi, jasmim, limaitanidwa pa zomera zambiri zimene sizili pachibale konse. Zonsezo zili ndi maluwa onunkhira, makamaka dzuwa likalowa, koma zina mwa izo zili ndi poizoni wokhoza kugwetsa ng'ombe yaikulu. Mlimi wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amene akufuna duwa lonunkhira pakhomo pake, pomwe khola lili pafupi, ayenera kudziwa kusiyanitsa zomerazi asanapereke ndalama yake kwa wogulitsa mbande.

Fungo silithandiza pa nkhani imeneyi. Chimodzi mwa zomera zoopsa pa zonsezi ndicho chimanunkhira koposa zinzake, ndipo fungo lake limafika mpaka kwa anansi. Chimene chimaulula choona ndi tsamba, tsinde ndi m'kati mwa duwa.

Jasimini weniweni ndi wa mtundu umene akatswiri a zomera amautcha Jasminum. Mtunduwu uli ndi magulu pafupifupi 200 amene amamera ku Asia, ku Africa ndi ku Australia, ndipo ndi wa banja limodzi ndi mtengo wa azitona. Dzinali linachokera ku chinenero cha ku Persia, linadzera m'Chiarabu, n'kufika kwa Apwitikizi.

Munthu akapeza mbande pa msika, kaya ku Ulongwe, ku Zóbuè kapena mumzinda wa Tete, choyamba ayang'ane mmene masamba akhalira pa nthambi. Pa jasimini weniweni wa maluwa oyera, masamba amatuluka awiriawiri pa mfundo imodzi, lina uku lina uku, moyang'anizana. Ngati masamba akutuluka limodzilimodzi mosinthana, lina pamwamba lina pansi, chomeracho achikayikire pomwepo.

Kenaka athyole tsamba limodzi kapena kansonga ka nthambi. Jasimini weniweni satulutsa mkaka. Chomera chikadontha utomoni woyera ngati wa nkhadze, ndiye kuti n'china.

Ngati mbandeyo ili ndi duwa, aling'ambe m'litali ndi chikhadabo. Duwa la jasimini lili ndi kampope kowonda, ndipo m'kati mwa kampopeko muli tinthambo tonyamula mungu tiwiri tokha. Zomera zinazo zimakhala ndi tinthambo 5 kapena kuposa. Chizindikiro chimenechi n'chodalirika kuposa zonse, ndipo mwana wa sukulu wa maso akuthwa akhoza kuthandiza agogo ake kuwerenga. Zipatso za jasimini ndi tating'ono, takuda tikapsa, kawirikawiri tiwiri tophatikana. Koma kuda kwa chipatso pakokha si umboni, chifukwa chomera china chakupha ziweto chilinso ndi zipatso zakuda.

Dama-da-noite ndi abale ake

Chomera chimene ambiri amachidziwa ndi dzina loti dama-da-noite, ena nati jasmim-da-noite, dzina lake la akatswiri ndi Cestrum nocturnum. Kwawo ndi ku America wapakati ndi zilumba za Caribbean. Si jasimini ayi. Ndi cha banja la fodya, matimati ndi kachewere. Chimakula ngati chitsamba cha nthambi zazitali zowerama, masamba ake ndi osinthana, ndipo munthu akalifikisa tsamba m'manja limanunkha moipa. Maluwa ake ndi timipope tobiriwira motuwa, tochuluka, totseguka usiku. Zipatso zake ndi zoyera. Fungo lake usiku ndi lamphamvu kotero kuti anthu ena limawapweteketsa mutu, ndipo odwala mphumu limawabanikitsa chikabzalidwa pansi pa zenera la kuchipinda.

Abale ake ndiwo ali ndi mbiri yoipa pa ziweto. Cestrum laevigatum, wochokera ku America wakumwera, ali ndi maluwa obiriwira mwachikasu ndi zipatso zakuda. Ku South Africa anapha ng'ombe m'dera la Chase Valley pafupi ndi Pietermaritzburg, mpaka matendawo anapatsidwa dzina la chigwacho. Wina ndi Cestrum aurantiacum, wa maluwa a mtundu wa lalanje ndi zipatso zoyera, amene anathawa m'minda ya maluwa n'kufalikira m'tchire ku Zimbabwe ndi ku Kenya. Mbalame zimadya zipatsozo ndi kukamwaza njere m'mbali mwa mitsinje ndi m'nkhalango.

Poizoni wa zomerazi amawononga chiwindi. Ng'ombe ikadya imaleka kudya msipu, imachucha dovu, maso amalowa m'kati, imapinda msana chifukwa cha kupweteka kwa m'mimba, imayenda dzandidzandi, ndipo ina imalusa. Ikhoza kufa tsiku lomwelo kapena patapita masiku ochepa. Palibe jakisoni wochotsa poizoniyu akalowa m'thupi.

Ngozi imakula m'chilimwe. Mu Agosto, Setembro ndi Outubro msipu umakhala utauma kapena utapsa ndi moto wolusa, koma chitsambachi chimakhala chikadali chobiriwira. Ng'ombe yanjala siisankha. Ngozi ina imadza pamene mwini nyumba wasadzula mpanda wake n'kutaya nthambizo kuseri kwa khola, chifukwa masamba odulidwawo amakhalabe ndi poizoni. Nthambi zotero ziyenera kutenthedwa. M'boma ngati la Angónia, kumene ng'ombe ndiyo imakoka ngolo, imalima, ndipo ndiyo nkhokwe ya banja pa maliro ndi pa matenda, kubzala chitsamba chilichonse cha mtundu wa Cestrum pa njira ya ziweto n'kuika chuma pa moto. Amene ali nacho kale angachite bwino kuchizula ndi mizu yomwe, popeza chikangodulidwa chimaphukanso. Ng'ombe ikaonetsa zizindikiro zimenezi, mwini wake atengeko nthambi ya chomera chimene akuchikayikira popita kwa mlangizi wa ziweto.

Zonama zina sizoopsa motero. Mtengo wa frangipani, umene m'Chipwitikizi cha ku Brazil amati jasmim-manga, uli ndi nthambi zonenepa ndi mkaka wambiri wotentha m'maso ndi pakhungu. Chomera choyanga chotchedwa jasmim-estrela, kapena Trachelospermum jasminoides, chimanamiza ambiri chifukwa masamba ake ndi oyang'anizana, koma chikathyoledwa mkaka umatuluka. Jasmim-laranja, kapena Murraya paniculata, ndi mbale wa malalanje ndi mandimu ndipo zipatso zake ndi zofiira. Amene ali ndi munda wa manachesi asachibzale pafupi, chifukwa chimasunga kachilombo kouluka kamene kamafalitsa matenda oumitsa mitengo ya malalanje, ndipo kachilomboko kanapezeka kale ku Tanzania ndi ku Kenya.

Mitundu yeniyeni: wa kotentha ndi wa kozizira

Munthu akatsimikiza kuti wagwira jasimini weniweni, funso lotsatira ndi lakuti ndi uti, chifukwa amene amakondwa ku Moatize si amene amakondwa ku Tsangano.

Wonunkhira mokoma koposa kwa anthu ambiri ndi Jasminum sambac, amene Apwitikizi amamutcha bogari kapena jasmim-árabe, ngakhale kwawo kwenikweni ndi ku Asia wotentha, osati ku Arabia. Amadziwika ndi tsamba lake: ndi limodzi losagawikana, lotambalala, lonyezimira, nthawi zina atatu pa mfundo imodzi. Amakula ngati chitsamba chotambasuka, sakwera kwambiri. Maluwa ndi oyera mbee, ochindikala, amatseguka madzulo, ndipo akamafota amasanduka ofiirira. Alipo wa duwa la mzere umodzi wotchedwa Maid of Orleans, amene amachita maluwa pafupipafupi ndipo savuta kumera. Alipo Belle of India wa duwa lalitali lowonda. Aliponso Grand Duke of Tuscany, wa duwa lodzaza ngati rozi kakang'ono, amene anatengedwa ku Goa kupita ku Italy kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Ameneyu amakula pang'onopang'ono, ndipo duwa lake n'lodzaza kotero kuti tinthambo tiwiri tija sitioneka bwino. Apa munthu adalire tsamba ndi kusowa kwa mkaka.

Duwa limeneli ndi la ulemu waukulu kumaiko ena. Dziko la Philippines linalisankha kukhala duwa la fuko mu 1934, ndipo kumeneko amalitcha sampaguita. Ku Indonesia nakonso ndi limodzi mwa maluwa a fuko, ndipo akwati amalivala pa ukwati. Ku China, mumzinda wa Fuzhou ndi ku chigawo cha Guangxi, amaliyala pamodzi ndi masamba a tiyi usiku kuti tiyiyo amwe fungo lake. Ku Madurai, kumwera kwa India, amai amalitunga pa ulusi ndi kugulitsa m'misika, ndipo ku gombe la Aswahili, ku Zanzibar ndi ku Mombasa, amai amalivalanso pa maukwati.

Sambac amafuna kutentha. Madera a m'chigwa cha Zambezi, monga Tete, Moatize ndi Mutarara, komanso m'mbali mwa nyanja ya Niassa, ndiwo omuyenera malinga madzi alipo. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene mu Junho ndi Julho chisanu chimawauka masamba a nthochi m'madambo, sambac amaima kukula ndipo akhoza kupsa nsonga. Wofuna kumubzala kumeneko amuike pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, kumene dzuwa la nyengo yozizira limawomba, kutali ndi dambo.

Wa kumapiri ndi Jasminum polyanthum, wochokera kumwera chakumadzulo kwa China. Tsamba lake ndi logawikana timasamba 5 mpaka 7 pa phesi limodzi. Timaluwa tisanatseguke timakhala tofiirira, tochuluka ngati ngala, ndipo tikatseguka timayera. Ameneyu amafuna usiku wozizira kuti achite maluwa, ndiye chifukwa chake kum'mwera kwa Africa amamasula cha mu Agosto ndi Setembro, pamene zomera zina zambiri zili gwa. Akabzalidwa kotentha amangochuluka masamba. Vuto lake ndi umbombo wa malo. Nthambi iliyonse yogunda pansi imamera mizu, ndipo ku New Zealand ndi ku Australia anasanduka udzu wovuta wophimba mitengo ya m'nkhalango. Amene wamubzala asataye zosadzula zake m'mbali mwa mtsinje.

Jasminum officinale, duwa la fuko la Pakistan, nayenso amapirira kuzizira. Ali ndi timasamba 5 mpaka 9, kakunsonga kotalika ndi kosongoka kuposa tinzake. Mbale wake, Jasminum grandiflorum, ali ndi duwa lokulirapo, lofiirira kunsi kwake, ndipo ndiye amalimidwa m'minda ikuluikulu chifukwa cha mafuta onunkhira.

Ndipo si jasimini yense anabwera pa sitima. M'tchire la Moçambique muli jasimini wachilengedwe amene abusa a mbuzi amamudutsa tsiku ndi tsiku. Jasminum fluminense amayanga m'mitengo ya m'mbali mwa mitsinje. Tsamba lake ndi la timasamba 3 taubweya pang'ono, ndipo maluwa ake oyera amanunkhira madzulo. Dzina lakelo limanena za Rio de Janeiro, monga dzina la timu ya mpira ija ya Fluminense, chifukwa amene anayamba kumulemba m'buku anali wansembe wa ku Brazil, Frei José Mariano da Conceição Vellozo, amene anamwalira mu 1811. Iye anamupeza akumera kumeneko, koma chomeracho kwawo ndi ku Africa. Palinso Jasminum stenolobum wa m'nkhalango za miombo ndi m'malo amiyala, wa tsamba limodzi ndi duwa la nsonga zowonda ngati nyenyezi, ndi Jasminum multipartitum wa kumwera kwa dziko lino, ku Eswatini ndi ku South Africa. Amenewa anazolowera kale chilimwe cha kuno, ndipo nthambi yake siigulidwa.

Kabzalidwe

Jasimini wa pakhomo sabzalidwa ndi njere kawirikawiri. Sambac, makamaka wa duwa lodzaza, sabereka n'komwe njere zodalirika. Njira yake ndi nthambi, monga mmene alimi amachitira ndi chinangwa, koma mosamalirapo.

Njira yosalephera kwa woyamba kumene ndi yokwirira nthambi ikadali pa make. Mlimi asankhe nthambi yaitali yofewa ya m'munsi, aiweramitse mpaka pansi, aipale khungwa pang'ono kunsi kwa mfundo, aikwirire ndi dothi pamalo opalawo, n'kuipanikiza ndi mwala kapena kamtengo ka mphanda. Nsonga itsale kunja. Akachita zimenezi kumayambiriro a dzinja, pakatha miyezi 2 kapena 3 mizu imakhala itagwira, ndipo nthambiyo ikhoza kudulidwa kwa make ndi kuokedwa kwina. Njirayi siifuna kuthirira kwambiri chifukwa nthambi imayamwabe kwa make.

Wofuna mbande zambiri adule nthambi. Yoyenera ndi ya chaka chomwecho imene yayamba kukhwima, yosati yanthete yongopindika, yosatinso yokalamba ya khungwa lotuwa. Adule zidutswa za masentimita 10 mpaka 15, chilichonse chokhala ndi mfundo 3 kapena 4, podula pakhale pansi penipeni pa mfundo. Masamba a m'munsi achotsedwe, atsale awiri apamwamba. Zidutswazo zizikidwe m'machubu a mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi la m'nkhalango, mfundo ziwiri zilowe pansi. Machubu akhale pamthunzi. Botolo la pulasitiki lodulidwa kunsi, likavundikiridwa pamwamba pa kanthambiko, limasunga chinyontho. Dothi likhale lonyowa koma losati matope, popeza zambiri zimene zimalephera zimafa ndi kuola, osati ndi ludzu. Nyengo ikakhala yofunda mizu imayamba pakatha milungu 4 mpaka 6. M'nyengo yozizira zimachedwa kapena kulephereratu. Mlimi asafulumire kuzula kuti aone mizu. Tsamba latsopano likaphuka ndiye chizindikiro.

Pookera, dzenje likhale la masentimita 45 m'lifupi ndi kuya komwe, ndipo dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa a khola owolerana bwino. Manyowa aawisi amatentha mizu ndi kuitana chiswe. Malo akhale osadikha madzi ndi owomba dzuwa maola 6 kapena kuposa pa tsiku. Jasimini wa pamthunzi wa mango amakula bwino koma maluwa amakhala owerengeka. Ku Tete, kumene dzuwa la Outubro limaotcha, mthunzi pang'ono wa masana umathandiza. Pakati pa zitsamba za sambac pakhale mita imodzi ndi pang'ono. Mitundu yoyanga imafuna thandala, mpanda wa nsungwi kapena waya, ndipo si bwino kuilola kukwera denga la udzu, chifukwa imalemera ndi kusunga chinyontho.

Malo amene munali fodya kapena matimati chaka chatha apewedwe ngati mizu ya mbewuzo inali ndi timatuza. Tinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu timagwiranso jasimini, ndipo chitsamba chogwidwa chimachita chikasu ngakhale chikuthiriridwa.

Cholakwa chofala ndicho kuthira feteleza wa ureia wotsala ku chimanga. Chitsamba chimabiriwira, mwini wake n'kukondwa, koma maluwa osaoneka. Manyowa kawiri pa chaka, poyamba dzinja ndi pambuyo posadzula, ndi okwanira pa chitsamba cha pakhomo.

Kusadzula ndiko kumabweretsa maluwa, koma nthawi yake imasiyana. Sambac amachita maluwa pa nthambi zatsopano, choncho amasadzulidwa kumapeto a nyengo yozizira, kutentha kusanayambe. Alimi a ku India amaleka kuthirira kwa masiku angapo, amadula chitsamba mpaka msinkhu wa masentimita pafupifupi 50, amathira manyowa, kenaka n'kuyambanso kuthirira, ndipo mphukira zimatuluka zambiri nthawi imodzi. Polyanthum ndi wosiyana: amasadzulidwa maluwa akangotha. Amene amudula mu Junho wadula maluwa a Agosto.

Tizilombo tovuta ndi nsabwe za kunsonga, akangaude ofiira ang'onoang'ono amene amachuluka kunsi kwa masamba m'nyengo yotentha ndi youma, ndi mbozi zoboola timaluwa tisanatseguke. Pa chitsamba chimodzi kapena ziwiri, kutsuka masamba kunsi ndi madzi a sopo pang'ono madzulo ndi kuthyola timaluwa toboolekato n'kutitentha kumakwanira. Mankhwala a thonje kapena a fodya asapoperedwe pa duwa limene ana amalinunkhiza ndipo ena amaliika m'tiyi. Ndipo duwa loika m'tiyi likhale la sambac lotsimikizika, losati la chitsamba chilichonse chonunkhira usiku.

Kodi muli ndalama?

Kumaiko ena muli. Ku Grasse, kumwera kwa France, luso lolima maluwa ndi kupanga mafuta onunkhira linalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2018 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Mafuta ambiri a jasimini pa dziko lonse amachokera ku India ndi ku Egypt. M'mudzi wa Shubra Beloula, m'chigawo cha Gharbia ku Egypt, mabanja amadzuka pakati pa usiku ndi nyali pamphumi kukathyola maluwa a grandiflorum dzuwa lisanatuluke, chifukwa kukatentha fungo limathawa. Kuti kilogalamu imodzi ikwane pamafunika maluwa zikwi zingapo, lililonse lothyoledwa ndi dzanja, ndipo ayenera kufika ku fakitale m'mawa womwewo.

Apa ndi pamene mlimi wa m'malire ayenera kuwerenga bwino. Duwa la jasimini likathyoledwa silikhala tsiku lachiwiri lili labwino. Silingadikire galimoto pa msewu ngati thumba la kachewere kapena nyemba. Popanda fakitale pafupi, kapena wogula wodziwika amene walonjeza kale, kuchotsa chimanga m'munda n'kubzalamo jasimini n'kutaya chakudya. Chimene chingagulitsike ndi mbande ya m'chubu, chifukwa imakhala miyezi osawonongeka, imanyamulika pa njinga, ndipo ofuna kukongoletsa nyumba, matchalitchi, mizikiti ndi malo ogona alendo amapezeka m'matauni. Chitsamba chimodzi chokhwima chimapereka nthambi zambiri chaka chilichonse, ndipo nazale yake imakwana pansi pa mtengo umodzi kuseri kwa nyumba.

Wogulitsa wanzeru amasiya mbande zingapo zichite maluwa m'chubu momwemo kuti wogula aone yekha, ndipo amalekanitsa za kotentha ndi za kumapiri. Amene akufuna kudutsa nazo pa chipata cha Calómuè kapena Zóbuè adziwe kuti zomera zamoyo zimafuna chikalata cha a zaulimi chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo ndi bwino kukafunsa ku ofesi ya zaulimi ya boma lake asananyamule katundu.